Foni ya Malemu Abwana

Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa shopu ya utelala ku Limbe, koma singano sindinaigwirepo ngakhale tsiku limodzi. Yanga inali kompyuta, pakona, kuseri kwa mipukutu ya nsalu, pamene fumbi la ulusi linkandiyetsemulitsa kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Matelala anayi a pashopupo ankanditcha amayi a kompyuta, ngati kuti ndinachita kuibereka. Sindinkakwiya nazo. Zondikwiyitsa zinalipo kale zambiri, kuyambira minibasi za ku Chilobwe kumene ndimakhala.

Eni shopu anali bambo wachisilamu, mbadwa ya ku Limbe komweko, ndipo tonse tinkangowatcha abwana. Kaunjika atadzaza misika, matelala ambiri anapachika sizasi n'kuyamba zina. Ife tinapulumukira chinthu chimodzi, miyeso. Abwana akamuyeza munthu kamodzi, basi, amudziwa mpaka kalekale. Sankalemba chifuwa, chiuno ndi mkono zokha ayi. Pambali ankawonjezerapo zawozawo: phewa lakumanja n'logwa, sakonda buluku lokhudza nsapato, mimba ikubwera, muziwonjezera theka la inchi chaka chilichonse. Choncho munthu ali ku Joni kapena ku Mzuzu ankangoimba foni, ife n'kusoka, suti n'kukwera basi, ikafika n'kumukhala ngati anabadwa nayo. Ndi anthu akutali amenewa amene ankatidyetsa.

Miyeso yonseyi inali m'makope achikuto chakuda a zaka pafupifupi makumi anayi. Ine anandilemba ntchito kuti ndiilowetse m'kompyuta. Zinanditengera zaka ziwiri, ndipo magalasi amene ndimavala lerowa ndinawatengera pamenepo. Nditamaliza, makope aja anawaunjika m'chipinda cha kumbuyo, kumene chiswe ndi denga lodontha zinagawana bwinobwino. Palibe anadandaula, poti zonse zinali m'kompyuta.

Amene anandichititsa mantha ndi mnzanga wa kutchalitchi, amene amagwira ntchito mu ofesi ina ku Sunnyside. Anandifunsa kuti kompyutayo itapsa kapena kubedwa ndingatani. Ndinamuonetsa fulashi imene ndinkakoperamo zonse. Anandifunsa kumene ndinkaisunga. Ndinati m'dirowa ya tebulo la kompyuta lomwelo. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Kenako anandiphunzitsa za kilaudi: umalipira kampani yakunja, tsiku lililonse zonse za m'kompyuta yako zimakopedwa kudzera pa intaneti n'kukasungidwa m'makompyuta awo, kutali ndi moto wako ndi akuba ako.

Kuwafotokozera abwana ndiye inali ntchito.

"Ndiye mukuti miyeso ya anthu anga ikagone m'nyumba ya munthu amene sindikumudziwa?" anandifunsa, tepi ili m'khosi.

"Eya, abwana, koma yokhomedwa. Iwowo sangaiwerenge."

"Ali kuti munthuyo?"

"Kunja."

"Amapemphera?"

Panatha miyezi itatu asanavomere. Anavomera tsiku limene sitolo ya nsapato ya mumzere mwathu inapsa ndi moto wa magetsi.

Tsiku lotsegula akaunti, kompyuta inafunsa nambala ya foni. Inati munthu akadzafuna kulowa kuchokera pa kompyuta yachilendo, adzatumiza manambala asanu ndi limodzi ku foni imeneyo, ndipo popanda manambalawo chitseko sichidzatseguka, ngakhale mawu achinsinsi uwadziwe. Foni yanga inali pomwepo patebulo. Ndinaiyang'ana, n'kudzuka kukapempha nambala ya abwana.

Ena lero amandifunsa kuti bwanji sindinaike yanga, kapena zonse ziwiri. Amene amafunsa choncho sanagwirepo ntchito pa shopu ya banja la eni ake. Ine ndinali wobwera, mkazi, wa mpingo wina, wopanda ubale uliwonse ndi iwo. Matelala anali atayamba kale kunong'onezana kuti amayi a kompyuta akudziwa za shopu kuposa ana a m'nyumba. Ndiye ndikhale ine wosunga kiyi wa chuma chonse cha mwini wake, iye ali moyo, akuyenda? Kumeneko kukanakhala kudzikweza. Ndinachita ulemu, ndipo abwana anaona kuti ndachita ulemu, n'kugwedeza mutu mokondwa. Kompyuta ya pashopu inatizolowera, sinafunsenso manambala aja, ine n'kuiwaliratu.

Zaka zotsatira ndimazikumbukira ndi kamzere kamodzi kobiriwira. Folo koloko iliyonse ndinkadina batani kuti zatsikulo zipite, n'kukhala pansi kuyang'ana kamzere kakukwawa. Intaneti ikakhala bwino, mphindi khumi. Ikakhala ndi mwano, ola lathunthu. Magetsi akazima pakati, kuyambiranso mawa. Matelala ankaphimba makina awo n'kumapita akunditsanzika monyoza, "Tapita, amayi, mupereke moni kunjako." Ine pofika pa siteji ndinkapeza mzere wafika kumsika, makondakitala akweza mtengo, ndipo ndinkafika ku Chilobwe miyendo itatupa. Palibe anandithokozapo, chifukwa ntchito yoteroyo ikamayenda bwino sioneka. Kangapo ndinafuna kungosiya, poti panalibe akanadziwa. Sindinasiye, koma si chifukwa cha khama ayi, ndi mantha chabe.

Abwana anamwalira Lachiwiri lina m'mawa, nyengo yotentha, atangodandaula za pachifuwa. Monga mwa chipembedzo chawo, dzuwa lisanalowe anali ataikidwa kale. Ine ndinali ndisanamvetse n'komwe kuti zachitikadi. Shopu inatsekedwa masiku atatu. Tsoka silinunkha: tsiku lotsegula tinapeza lata la padenga litadulidwa, makina awiri amagetsi palibe, kompyuta palibe, ndi dirowa ya fulashi ija yomwe ataikhuthula.

Amene anatenga shopu ndi mwana wawo wamkulu, bambo wa ana atatu, amene moyo wake wonse ankayendetsa malole opita ku Beira. Za utelala sankadziwa kanthu, koma ankadziwa kuti pashelefu pali nsalu yabuluu ya masuti asanu ndi awiri. Mkwati wina ndi omuperekeza ake asanu ndi mmodzi, onse ogwira ntchito ku Joni, anali ndi ukwati ku Soche patatsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Onsewo abwana anawayezapo kale. Ankayembekezeka kufika pa basi kutatsala masiku awiri, n'kupeza masuti atapachikidwa. Ukwati umenewu unali woti anthu athu onse akutali aonerepo ngati shopu yafera limodzi ndi mwini wake kapena ayi.

"Aanti, ndiye tatha basi?" anandifunsa mwanayo, atakhala pa mpando wa bambo ake, manja ali m'mutu.

Ndivomere, ndinamva kukoma mumtima ngakhale panali pachisoni. Zaka zonse zija za kamzere kobiriwira, tsiku langa linali litafika. Ndinati asadandaule, miyeso ili bwinobwino kutali. Ndinathamangira ku Sunnyside kukabwereka laputopu kwa mnzanga uja, n'kubwera nayo matelala onse atandizungulira. Ndinalemba mawu achinsinsi mwamatama. Kenako panatuluka uthenga woti manambala asanu ndi limodzi atumizidwa ku foni.

"Foni ya ababa?" anatero mwanayo. "Ili m'sutikesi."

Pabanja pawo, munthu akamwalira, zinthu zake za m'thumba ndi zovala amazisonkhanitsa n'kuzikhomera, osazikhudza mpaka sadaka ya masiku makumi anayi itachitika, ndiye abale n'kugawana. Amene anakhoma sutikesi anali achimwene awo aakulu a malemu, ndipo kiyi anapita naye ku Mangochi kumene ankakhala. Mwanayo anawaimbira pomwepo, ife tikumva.

"Mng'ono wanga sanazizire n'komwe m'manda, inu mukufuna foni yake?" anatero mkuluyo. "Masiku makumi anayi ndi ambiri? Dikirani."

Sindingawanene kuti anali munthu woipa. Ankalira mng'ono wawo m'njira imene ankaidziwa. Koma ine tsiku limenelo ndinawatukwana chamumtima, Mulungu andikhululukire.

Mlungu wotsatira ndinayenda mpaka nsapato kutha chidendene. Ndinalembera kampani ya kilaudi, n'kundiyankha makina, m'Chingerezi chaulemu kwambiri, kuti nditumize zikalata ndipo ndidikire. Ndinapita ku ofesi ya mafoni m'tauni kukafunsa ngati angatipatse khadi lina la nambala yomweyo. Nditaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka masana, anandiuza kuti pafunika mwini wake, apo ayi kalata ya imfa ndi makalata ena amene nawonso anali ndi mizere yawoyawo. Tinayesa kuuza anyamata a ku Joni aja kuti ayezane okha. Anayezana ndi tepi ya omanga nyumba. Mmodzi anatumiza chifuwa chochepa kuposa khosi lake, wina anasakaniza mainchi ndi masentimita. Telala wamkulu anawerenga pepalalo, n'kuliika pansi.

"Amayi, awa si anthu, ndi mabotolo. Nsalu imeneyi sindiidula."

Anali kunena zoona, chifukwa nsalu ukaidula molakwa suilumikizanso. Makina anakhala chete. Matelala ankafika m'mawa, n'kumasewera bawo pakhonde, ndipo palibenso amene ankandiseka. Kukhala chete kwawoko kunkandipweteka kuposa chipongwe chija. Aliyense ankadziwa amene anaika nambala ya abwana.

Kutatsala masiku khumi, ndinakwera minibasi ya ku Soche kukaona mkazi wa malemu. Anali pa eda, nthawi imene mkazi wamasiye wachisilamu amabindikira m'nyumba, osaonana ndi amuna achilendo. Ine pokhala mkazi ndinaloledwa kulowa. Ndinauza anthu kuti ndabwera kudzapepesanso maliro, koma cholinga changa chinali choti ndiwapemphe alankhule ndi alamu awo a ku Mangochi aja. Laputopu inali m'chikwama chifukwa ndinkaopa kuisiya pashopu.

Ndinawapeza atakhala pamkeka m'chipinda chawo, ataonda, atafunda nsalu yoyera. Azimayi achibale ankalowa ndi kutuluka. Ndinadikira mpaka tinatsala awiri, ndipo ndinafotokoza zonse, za akuba, za ukwati, za manambala. Sindikudziwa ngati za kilaudi anazimvetsa. Anangondifunsa funso limodzi.

"Mwanangu, ndiye kuti popanda foniyo shopu ya abambo itsekedwa?"

"Mwina osati lero, amayi. Koma anthu akutali aja akatithawa, sitikhalitsa."

Anasisita mkeka ndi chala. Kenako anati nditseke chitseko. Anapisa dzanja m'kati mwa nsalu ya mtsamiro, n'kutulutsa foni. Ndinaizindikira nthawi yomweyo, yosweka pakona, yomangidwa ndi kamphira.

"Alamu anakhomera chikwama chake chokha," anatero motsitsa mawu. "Ndinaichotsamo asanabwere. Musandione ngati wakuba."

Anaiyatsa, n'kudina, ndipo m'chipindamo munamveka mawu a abwana: "Achimwene, suti yanu yatha, ikwera basi Loweruka. Koma mimbayo muichepetse, nsalu yakwera mtengo." Kenako kuseka kwawo kuja, kokhala ngati chifuwa.

Abwana sankakonda kulemba pafoni, ankangojambula mawu n'kutumiza. Munali mauthenga mazanamazana, opita kwa makasitomala, kwa ogulitsa nsalu, kwa matelala akachedwa. Opita kwa mkazi wawo munalibe, poti iwo anali ndi kafoni kamabatani chabe.

"Ine sankanditumizira, tinkaonana tsiku lililonse," anatero. "Ndiye ndimangomvera akukalipira anthu ena. Ndimamva amodzi kapena awiri patsiku, kuti asathe msanga."

Ndinawafunsa kuti zatheka bwanji kuti foniyo isalire masiku onsewa. Anandionetsa kachizindikiro ka ndege pamwamba. Abwana ankadina pamenepo akamalowa mumzikiti kuti foni isasokoneze mapemphero, ndipo mkazi wawo anaonera. Chimwalirireni, foniyo inali yotseka choncho, yosalandira kanthu.

Ndinawauza kuti kuti manambala afike, ndiyenera kuchotsa kandegeko pang'ono. Anavomera ndi mutu. Ndinayatsa laputopu, n'kuilumikiza ku intaneti ya foni yanga. M'chipindamo netiweki inali yovuta, moti ndinachita kuima pazenera, foni ya malemu ili m'mwamba ngati ndikuitanira nkhuku chakudya. Ulendo woyamba manambala anafika mochedwa, nthawi yake itatha. Wachiwiri ndinalakwitsa ndekha. Wachitatu chitseko chinatseguka. Mayina onse anali pamenepo, mpaka munthu womaliza amene abwana anamuyeza Lolemba, kutatsala tsiku limodzi. Ndinalira, osati mokweza. Mwamsangamsanga ndinachotsa nambala ya malemu, n'kuikapo ya mwana wawo ndi yanga.

"Ine ndilimo m'menemo?" anafunsa amayiwo, akusuzumira.

Ndinafufuza dzina lawo. Munalibe.

"Ndinadziwa," anatero, akumwetulira koyamba tsikulo. "Ine ankandisokera ndi maso."

Pakhomo panamveka mapazi. Anandilanda foni ija mofulumira n'kuibwezera mumtsamiro. "Musauze munthu, ngakhale mwana wanga," ananong'ona. Ndinalonjeza. Ndinatsanzika, n'kuthamangira minibasi, mtima uli kale ku Limbe.

Pashopu ndinanama kuti kampani yakunja ija yatiyankha. Palibe anafunsa zambiri. Telala wamkulu anavala magalasi, n'kuwerenga miyeso ya mkwati mokweza ngati akuwerenga Mawu, ndipo ola lisanathe sizasi inali italowa m'nsalu yabuluu. Makina awiri otsala analira mpaka madzulo, ena awiri tinabwereka. Mwana wa malemu anandigulira botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kunena pamaso pa onse kuti aanti apulumutsa shopu. Zaka khumi ndi zinayi ndinkadikira mawu amenewo.

M'mawa mwake anafika nkhope ili yolemera, n'kundiitanira kuchipinda cha kumbuyo.

"Aanti, dzulo munali kwa amayi?"

Ndinavomera.

"Mutangochoka, foni ya ababa inalira. Mumtsamiro. M'chipinda muli azakhali anga awiri ndi akazi awo a abambo aakulu."

Anali kasitomala wa ku Mzuzu, amene sanamve za maliro, akufuna buluku. Kandege kaja sindinakabwezeretse. Ndinakachotsa ndine, ndi chala changa, ndipo m'chisangalalo changa ndinaiwala. Ndinakhala pa mulu wa makope odyedwa ndi chiswe.

Akuti panalibe phokoso. Palibe anawakalipira amayiwo, poti munthu wolira sakalipiridwa. Akazi awo a mkulu uja anangotambasula dzanja, amayiwo n'kupereka. Foni inakakhomeredwa ndi zinzake. Mwana wawo anayesa kuwalankhulira, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka: akanalimbana bwanji ndi abambo ake aakulu maliro ali aawisi, pa nkhani imene amayi ake omwe ankachita nayo manyazi? Sadaka itachitika, pogawa zinthu, amayiwo sanatsegule pakamwa kuti aipemphe. Inagwera mphwake wa malemu wa ku Mangochi, amene anaipititsa kwa okonza mafoni kuti afufute zonse, aikemo khadi lake. Pamene mwana wa malemu ankamuimbira kuti asafufute kanthu, n'kuti zitatheka kale.

Masuti anatha pa nthawi yake. Anyamata a ku Joni anatsika basi Lachinayi, anayesa, ndipo panangofunika kufupikitsa mkono umodzi. Zithunzi za ukwatiwo zinayenda m'mafoni, maoda n'kuyambanso kubwera. Shopu ilipo mpaka lero. Ine ndinagula fulashi ziwiri, ina ndinkapita nayo kunyumba, ndipo folo koloko iliyonse ndinkadinabe batani lija, koma kukoma kwake kunali kutatha.

Chimene chimandidya mpaka pano n'chakuti foni ija ndinaigwira m'manja pafupifupi theka la ola. Laputopu inali yoyaka pamiyendo panga, chingwe chake chili m'chikwama. Kukopa mauthenga onse aja sikukanatha mphindi khumi. Ntchito yanga yonse inali imeneyo, kuona chinthu chimene chili pamalo amodzi okha n'kuchisungira pena. Ndinamva ndi makutu anga mayi akunena kuti amamvera awiri patsiku kuti asathe, koma m'mutu mwanga munali masuti basi.

Panatha miyezi iwiri ndisanalimbe mtima kupitanso ku Soche. Ndinanyamula shuga ndi buledi, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu opepesa. Ndinawapeza pamkeka pomwe paja. Anandilandira bwino, anafunsa za ana anga, za miyendo yanga, za ukwati uja ngati masuti anawakhala. Nditayamba kupepesa anandidula ndi dzanja.

"Zimenezo zisiyeni, mwanangu. Munkathamangira ntchito ya abambo."

Anathira tiyi. Tinayamba kumwa. Kenako anayang'ana kuchitseko, n'kusendera pafupi nane, mawu atatsitsa ngati tsiku lija.

"Ndimafuna ndikufunseni. Mwana wanga akuti inu chilichonse chimene mwachigwira chimakasungidwa kutali, moti ngakhale chibedwe chimabweranso. Ndiye ndimati, poti foni ija munaigwira, kapena mawu aja aliko kumeneko? Sindikufuna onse ayi. Ngakhale aja a mimba aja."

Anali atadikira miyezi iwiri kuti andifunse zimenezi. Ndinayang'ana kapu yanga.

"Kulibe, amayi. Sindinawasunge."

"Ngakhale amodzi?"

"Ngakhale amodzi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukonza nsalu yawo paphewa.

"Chabwino," anatero. "Imwani tiyi, akuzizira."